Shuga, Mandimu ndi Dzanja la Mwana Wanga

Mwana wanga woyamba, wamkazi, anabadwa wamanzere. Ukamupatsa nthochi, dzanja lamanzere ndi limene linkatuluka. Akagwira kamtengo kuti ajambule nkhuku pa dothi, linali lomwelo, ndipo nkhuku zakezo zinkaonekadi nkhuku, mchira ndi zikhadabo zomwe. Ine ndinkangosekerera n'kumadutsa. Sindinkadziwa kuti kadzanja kameneka kadzandiyendetsa ngati wamisala.

Nthawi imeneyo, kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ndinkaphunzitsa fizikisi pa sekondale ina yoyandikana ndi minda ya tiyi ku Thyolo. Ndinkakhala kuchikamwini, kwawo kwa mkazi wanga, pakamudzi kopanikizika pakati pa tiyi wa esiteti ndi msewu wopita ku Goliati. Ukatuluka pakhomo, tiyi. Ukatembenuka, tiyi. Koma ine, mwana wa ku mishoni wopembedza la Sabata, tiyi sindinamumwepo chibadwire, ndipo akuchikazi ankandiseka nazo kuti ndine munthu wofa ndi ludzu miyendo ili m'madzi.

Ndisabise, pamalo paja sindinkakhazikika. Tili chaka chomaliza ku koleji ku Zomba, mphunzitsi wathu wina anatifotokozera za ntchito imene akatswiri a kunja ankachita, ndipo nkhaniyo inandilowa ngati thekenya. Ndiifotokoze pang'ono, chifukwa popanda iyo simungamvetse uchitsiru umene ndinachita.

Kuwala kumayenda monjenjemera, ngati chingwe chimene ana akuchigwedeza. Kwa dzuwa kapena kwa tochi kumanjenjemera mbali zonse, koma pali magalasi ena amene amangolola kunjenjemera kwa mbali imodzi kudutsa. Ana a sukulu ndinkawauza kuti galasi lotere limapesa kuwala. Ukaika magalasi awiri otere motsatizana, lina choimirira lina chopingasa, kuwala sikudutsa, umangoona mdima. Tsono ukalowetsa chinthu pakati pawo, kuwala n'kuyambanso kuoneka, ndiye kuti chinthucho chakupotoza. Umatembenuza galasi lachiwiri mpaka mdima ubwerere, ndipo kumene walitembenuzira ndi kumene kuwala kwapotokera, kaya kumanja kaya kumanzere.

Akatswiri aja ankatenthetsa zitsulo zolemera, monga mtovu, m'ng'anjo mpaka zituluke nthunzi, n'kudutsitsa kuwala kopesedwa mu nthunziyo. Mwa nzeru zakale palibe chimene chinkayenera kuchitika. Atomu ilibe mutu, ilibe mchira, ukaiona pa kalilole iyenera kukhala chimodzimodzi, ndiye ikonderenji mbali? Koma kuwala kunkapotoka ndithu, pang'ono zedi, ngati kuti waima pa mtunda wa kilomita n'kumayeza kunenepa kwa tsitsi limodzi. Anthuwo ankatha zaka akulimbana ndi katsitsi kameneko, kutembenuza zipangizo uku ndi uku kuti atsimikize kuti si ng'anjo kapena maginito zikuwanamiza. Chifukwa chake n'chakuti mkati mwa atomu muli mphamvu ina, amaitcha mphamvu yofooka, imene imasiyanitsa manja ndi manzere, ndipo tizinthu timene imakonda kugwira akatswiriwo amati ndi tamanzere. Abale, ine nditamva zimenezi tulo tinandithawa. Ndinafunsira malo kunja kangapo konse kuti ndikaone ndi maso anga. Sizinatheke. Ndinatsala ndi choko, labu yopanda gasi, ndi mtima wongoyang'ana kumsewu.

Tsono mchimwene wa mkazi wanga, alamu anga, ndiwo anali mwini mbumba. Kwa amene sadziwa za kuno, ana a mlongo amalamulidwa ndi amalume awo, bambo ndi wobwera. Alamuwo anali kapitawo pa esiteti, woyang'anira othyola tiyi, munthu wamfupi wa mawu aakulu, wozolowera kuti akati mzere uwu mubwereze, anthu abwereze. Sanali munthu woipa, ayi ndithu. Mwana wangayo ankamukonda kwambiri, ankamunyamula paphewa mpaka kukafika naye kumabulugamu n'kubwerera.

Lamulungu lina, mwanayo atangoyamba sitandade wani, alamu anatipatukira pochokera ku tchalitchi kwawo. Anatulutsa sikono m'thumba la jekete n'kumupatsa. Iye anatambasula lamanzere akumwetulira. Alamu anabweza sikono ija m'thumba.

"Achemwali, n'chiyani ichi?" anafunsa mkazi wanga. "Mwana wamkazi kulandira ndi dzanja la kuchimbudzi?"

"Ndi mmene anabadwira, achimwene."

"Kuwongola mtengo n'poyamba. Kuyambira lero dzanjalo lizimangidwa, pakudya ndi polemba pomwe, mpaka liiwale."

Ine ndinaseka, ndinkayesa nthabwala. Ndinati, "Alamu, othyola tiyi anu aja sathyola ndi manja onse awiri kodi?"

"Tiyi sakwatiwa, aphunzitsi. Uyu adzapita pakati pa anthu. Akadzapereka madzi kwa apongozi ake ndi dzanja limenelo, adzafunsa kuti analeredwa ndi ndani. Sadzatchula inu. Adzatchula ine."

Basi, mlandu unathera pomwepo. Mkazi wanga anang'amba kansalu ku chitenje chakale, ndipo m'mawa uliwonse ankakulunga kankhonya ka mwanayo n'kukamangirira m'chiuno. Ankamanga mofatsa, akumuimbira, koma kumanga n'kumanga. Phala linkathera pa diresi. Zilembo za mu kope zinkachita kugwa n'kudzuka, ndipo aphunzitsi ake, amene anali ndi chinamtindi cha ana pansi pa mtengo m'zaka zija za pulayimale yaulere, ankangolemba chopingasa n'kupitirira. Zojambula pa dothi zinatha. Kenako kunabwera chimene chinandiswa mtima. Mwana amene ankalongolola kuyambira m'mawa mpaka madzulo anayamba chibwibwi. Akafuna kunena kuti ababa, ankakakamira pa chilembo choyamba, maso atatong'oka, mpaka kungosiya.

Tsiku lina m'mawa ndinapsa mtima, ndinamasula kansalu kaja n'kukaponya padenga. Pamudzi paja panalibe chinsinsi. Dzuwa lisanalowe alamu anafika atavala majombo a kuntchito, ndipo mpando anaukana.

"Mkamwini asamakule mwendo," anatero ataima pabwalo. "Ngati kulera mwana kwakukanikani, ndimutenga akakhale kwanga ku malaini a pa esiteti. Inu mutsale ndi mabuku anuwo."

Sanakweze mawu n'komwe, ndipo ndinadziwa kuti angathedi kutero, mudzi wonse n'kuwavomereza. M'mawa mwake mkazi wanga anang'amba kansalu kena, misozi ili chuchuchu.

"Mukufuna andilande mwana?" anandifunsa. "Zokokana chingwe ndi achimwene simungathe, bambo. Ngati muli ndi nzeru zimene mumanena zija, agonjetseni ndi pakamwa, asinthe okha."

Ndiye Lamulungu lotsatira ndinawadikira nditakonzeka ngati ndikupita kokalemba mayeso. Alamu ankabwera ndi masamba awo a tiyi m'kapepala, podziwa kuti kwathu kulibe. Atangoyamba kumwa, ine ndinayamba.

"Alamu, mukudziwa kuti mkati mwa zinthu zonse, m'chitsulo, m'dothi, mwa inuyo ndi mwa ine, muli mphamvu yokondera kumanzere?"

Ndinawakhuthulira zonse, ng'anjo, mtovu, kalilole, katsitsi ka pa kilomita. Anamvetsera mpaka kapu inatha.

"Mwamaliza? Ndionetseni."

"Zimafuna makina a kunja."

"Ndiye kuti inunso simunazione."

Pamenepo anandibaya penipeni. Ndinayankha mofulumira, magazi atakwera, kuti za mtovuzo sindingathe, koma kupotoka kwa kuwala ndingawaonetse m'nyumba momwemo, ndi shuga chabe.

"Chabwino," anatero akuimirira. "Lamulungu likubwerali. Kukapotokera kumanzere ine ndikuona ndi maso angawa, kansaluko ndidzamasula ndekha."

Mlungu umenewo sindinakhale pansi. Labu yathu inalibe magalasi opesa kuwala, koma ndinkadziwa kuti magalasi ena a dzuwa, aja ovala azungu powedza nsomba, amapangidwa motero. Ndikaweruka ndinkakwera njinga kukafufuza m'milu ya kaunjika. Kuti udziwe galasi lenileni, umayang'ana nalo kunyezimira kwa madzi a pachithaphwi n'kumalitembenuza. Kunyezimirako kukazimirira, ndi lomwelo. Pamsika wa ku Goliati ndinaima pafupi ndi chithaphwi ndikutembenuza magalasi amodziamodzi, mpaka mnyamata wogulitsa anatopa nane.

"Bwana, mukugula kapena mukuombeza?"

Ndinawapeza Lachisanu masana, a chimango chothyoka. Ndinapalasa ngati wothamangitsidwa, koma ndikulowa pakhomo dzuwa linali likumira kuseri kwa tiyi. Sabata inali yayamba. Kwa ife, kuyambira kulowa kwa dzuwa Lachisanu mpaka kulowa kwa dzuwa Loweruka, ntchito sitigwira. Magalasi aja ndinawaika pamwamba pa kabati, ndipo Loweruka lonse ndinakhala m'tchalitchi thupi lokha. Anzanga akuimba, ine ndikuwerengera m'mutu kutalika kwa botolo. Dzuwa litalowa ndinayesa msangamsanga ndi madzi okha, mdima unabwera bwinobwino. Nditapempha shuga, mkazi wanga anakana.

"Watsala wa phala la mwana ndi wa mawa lanulo. Wotaya kawiri ndilibe."

Sindinalimbane naye. Kuti shuga amapotoza kuwala ndinkadziwa kuyambira kale. Koma amakupotozera kuti? Zinalembedwa m'mabuku, ndinaziwerengapo ndithu, koma mutu wanga unali pa mtovu wa azungu, ndipo funso limeneli silinandifike n'komwe.

Lamulungu kunali chiperoni, nkhungu yakuta tiyi yense. Tinatseka mawindo a pabalaza ndi mabulangete. Ndinatenga mpando wobooka pakati, pansi pake ndinaika tochi yokutidwa ndi kapepala kofiira ka switi, chifukwa kuwala kwa mtundu umodzi ndi kumene kumapereka mdima weniweni. Pabowo ndinaika galasi loyamba, pamwamba pake botolo lalitali loyezera madzi limene ndinabwereka ku labu, ndipo pakamwa pa botolo galasi lachiwiri, lomatidwa pa katoni yozungulira yokhala ndi kamuvi. Mwana wanga anakhala pakona ndi amake, kankhonya kali m'chiuno.

Alamu anawerama n'kusuzumira. Madzi okha, mdima. Ndinakhuthula madziwo n'kuthira a shuga, osasuntha china chilichonse.

"Ha!" anadzidzimuka. "Kwayaka!"

Mtima wanga unavina. Ndinati, "Tsopano tembenuzani katoniyo mpaka kude."

Anatembenuzira kumanzere. Kunawala kwambiri. Anaima, anandiyang'ana, n'kubwezera kumanja. Pang'ono, pang'ono, mpaka kunada bii.

"Kumanja uku, aphunzitsi."

Ndinawakankha n'kusuzumira ndekha. Kumanja. Ndinayamba kubwebweta kuti mukapitirizabe kutembenuzira kumanzere mdima mumaupezanso, zimene zili zoona, koma mutazungulira kutali.

"Ee, ngakhale wopita ku Goliati kudzera ku Nsanje amafika," anatero alamu, ndipo anaseka mpaka kutsokomola. "Mwaona? Ngakhale shuga, chinthu chokoma, amadziwa ulemu. Ine ku Zomba sindinapiteko, koma manja ndimawadziwa."

Ndinayesa kufotokoza kuti shuga ndi nkhani ina, kuti tizidutswa take n'topindika kale pomwe atomu ya mtovu si yopindika, kuti chodabwitsa chili pamenepo. Ndani akanandimvera? Munthu anaika yekha msampha n'kupondapo yekha. Alamu anasisita mutu wa mwanayo, anakoka kansalu kaja kuona ngati kali kolimba, n'kutuluka akupukusa mutu ndi chisangalalo. Ndinachita manyazi oti sindinawamvepo, koma choposa manyazi chinali chakuti dzanja la mwana wanga tsopano linamangidwa ndi umboni wanga womwe.

Nkhani inafika m'minda mofulumira kuposa njinga yanga. Ndikamadutsa m'tinjira ta tiyi popita kusukulu, amayi othyola ankaweramuka, madengu ali kumsana.

"Aphunzitsi, mwadzuka bwanji? Nanga shuga wadzuka bwanji?"

Ndinkayankha moni n'kupalasa mwamphamvu. M'kalasi ndinkayamba chiganizo n'kuiwala pothera. Kunyumba ndinkalowa, kutuluka, kuzungulira nthochi, kubwereranso. Nthawi zina ndinkaganiza zongomutenga mwanayo n'kuthawira naye ku mishoni kwa makolo anga, koma ndinkadziwa kuti ukwati ungathere pomwepo, ndipo mwanayo angabwezedwe ndithu. Iye anali atasiya ngakhale kulira. Nthawi ya chakudya ikakwana ankapita yekha kwa amake n'kutambasula dzanja lamanzere kuti alimange. Ukamufunsa kanthu ankangogwedeza mutu, kuopa kukakamira pakati pa mawu. Zimenezi zinkandipweteka kuposa kulira.

Chiperoni chija chinamusiyira chifuwa. Tsiku lina ndikuchokera kusukulu ndinapeza mkazi wanga akuwiritsa madzi a mandimu ndi shuga pa mbaula kuti amumwetse. Ndinaima ndikuyang'ana kapoto kaja, ndipo chinthu chimene ndinaphunzira kalekale m'kalasi ya kemisitiri chinandibwerera. Shuga ukamuwiritsa ndi chowawasa amagawika pawiri. Gawo lina limapotozera kuwala kumanja, lina kumanzere, ndipo lakumanzerelo ndi lamphamvu. Ndinalanda kapotoko pamoto ndi manja anga, osamva n'kutentha komwe.

"Mwapenga kodi? Ndi mankhwala a mwana amenewo!"

"Ndi mankhwala akedi," ndinatero, ndipo ndinathamangira nako m'nyumba.

Ulendo uno ndinayesa, n'kuyesanso, n'kuyesanso. Koyamba kamuvi kanangobwerera pakati, osapita kumanja osapita kumanzere. Ndinaonjeza mandimu, ndinawiritsa nthawi yaitali. Madzi a mandimu ndi ambuu, ndiye ndinkawasefa pa nsalu mpaka ayere. Ndinapezanso kuti akadali otentha sapotoza bwino, ayenera kuzizira kaye. Mtengo wa mandimu wa kuseri kwa nyumba ndinaukolola theka. Pansi ponse pankamata, ndipo mkazi wanga ankadandaula kuti nyerere za m'boma lonse zasamukira kwathu, koma shuga sanandimanenso. Tsiku limene kamuvi kanapita kumanzere ndinamuitana kuti aone yekha. Anasuzumira, anatembenuza, kenako anapita kukavala chitenje chatsopano kuti akaonane ndi achimwene ake.

Ndinene zoona. Ndinkadziwa bwino lomwe kuti shuga, kaya mtovu, alibe chonena pa dzanja la mwana wa munthu. Akatswiri a kunja aja akanandiona akanaseka. Koma lamulo la masewerowa analiika ndi alamu, osati ine, ndipo khomo lina ndinalibe.

Kuwaitana kachiwiri ine sindikanatha, akanandiseka n'kundibweza. Mkazi wanga ndiye anapita, wapansi mpaka ku malaini, kukagwada pakhomo pa achimwene ake. Zimene anakambirana sanandiuze. Lamulungu alamu anafika, nkhope ili gwa, atanyamula kapaketi.

"Ndabwera chifukwa cha achemwali. Ndipo shuga ndabwera naye wanga, wa ku shopu ya ku esiteti. Zamatsenga sindifuna."

"Mandimu akenso mukathyole nokha, alamu."

Anakathyola okha. Tinayamba ndi shuga wawoyo wosaphika, ndipo anapita kumanja monga kale. Alamu anangoti mm. Kenako madzi omwewo tinawathira m'poto, anafinyiramo mandimu ndi manja awo, tinasefa, n'kuika pa mbaula pabwalo iwo akuyang'ana. Kuwiritsa kumatenga nthawi, kuziziritsa m'beseni la madzi kumatenganso nthawi. Tinakhala pakhonde opanda nkhani.

Pofuna kudula chete uja, alamu anaitana mwanayo. Anabwera n'kugwada, kankhonya kali m'chiuno.

"Iwe, kusukulu mwaphunzira chiyani mlungu uno?"

Mwanayo anatsegula pakamwa. "A-a-a-a..." Khosi linatupa, maso anadzaza misozi, mawu osatuluka. Anayesanso. "Ta-ta-ta..." Kenako anangoweramitsa mutu.

Alamu anaika kapu yawo ya tiyi pansi. Masiku onsewa akabwera mwanayo ankabisala kuseri kwa amake, ndiye iwo ankayesa ndi ulemu umene wayamba kuphunzira.

"Wayamba liti zimenezi?"

"Chimangireni dzanja, achimwene," anayankha mkazi wanga, maso ali pansi.

Alamu anayang'ana kutali kumene kunali fakitale ya tiyi. Kenako anafunsa ngati madzi aja azizira.

Tinalowa, tinatseka mabulangete. Ndinathira madziwo m'botolo. Alamu anawerama. Kunali kofiira. Anatembenuzira kumanja, monga munthu wodziwa njira. Kunawala kwambiri. Anabwezera kumanzere, pang'onopang'ono, ndipo kunada. Anabwereza. Anachotsa katoni, anaiyang'ana kunsi, anaibwezera, n'kubwerezanso.

"Shuga wanga yemwe uja?"

"Yemweyo, alamu."

"Mwamuwawasitsa, ndiye wapanduka," anatero, koma palibe anaseka, ngakhale iwo omwe.

Anaweramuka n'kuchotsa bulangete limodzi pawindo. Anaitana mwanayo, anagwada pansi ndi suti yawo ya ku tchalitchi, n'kuyamba kumasula. Mfundo inali yolimba, zala zawo zikuluzikulu zinalephera, mpaka anaimasula ndi mano. Kadzanja kanatuluka kotuwa, zala zitapindika. Anakawongola chala chimodzichimodzi.

"Kulemba ndi kujambula, achite ndi limene akufuna," anatero osandiyang'ana. "Koma kudya ndi kulandira kwa akulu, lamanja. Pamenepo sindisuntha, ngakhale muphike shuga ndi tsabola."

"Zamveka, alamu. Zikomo."

Ndinathokoza ndi mtima wonse. Sindinadzinamize kuti ndawagonjetsa. Chimene chinawatembenuza anachimva pakhonde paja, botolo langa linangowapatsa potulukira kuti asaoneke ngati abweza mawu chifukwa cha mkamwini. Kansalu kaja anakaika m'thumba mwawo, anatsanzika kwa achemwali awo, n'kumapita.

Ine chimwemwe chinandisowetsa chochita. Ndinapukuta tebulo, ndinatenga kope la mwanayo ndi pensulo, n'kuziika pakati penipeni, osati chakumanja osati chakumanzere. Ndinamukhazika pampando.

"Lemba, mwana wanga. Lemba chilichonse."

Sanagwire. Anayang'ana kukhomo.

"A-amalume a-apita?"

"Apita."

"Sa-sabweranso?"

"Adzabwera, koma ndi iwo amene akumasula. Wawaona wekha."

Anadikirabe. Kenako dzanja lamanzere linatuluka pansi pa tebulo pang'onopang'ono n'kutola pensulo. Asanalembe kanthu, anabweretsa lamanja n'kuliphimbitsa pamwamba pa lamanzere, anaweramira pafupi mpaka chipumi kutsala pang'ono kugunda tebulo, n'kuyamba kulemba mobisa momwemo. Zilembo zinkatuluka kunsi kwa dzanjalo zowongoka, zokongola.

"Usabise, palibe akumenye," ndinatero.

Anagwedeza mutu kuvomera, koma dzanja lamanja sanalichotse. Ndinatuluka panja kuti asandione ndikulira.

Chibwibwi chinatha pang'onopang'ono, chisanathe chaka anali atayambiranso kulongolola. Kudya amadya ndi lamanja, ndipo akamalandira kanthu kwa akulu amagwada bwino, amalume ake ankamunyadira mpaka kumutchula pamaso pa alendo. Patapita zaka anafika ku sekondale n'kukhala m'kalasi mwanga momwe, mzere wachiwiri pafupi ndi windo. Ndikapereka ntchito n'kumayendayenda pakati pa madesiki, ndinkamupeza ataweramira pa kope, lamanja litaphimba lamanzere. Anzake ankamunena kuti ndi womana, amabisa mayankho kuti asamuonere. Iye ankangoseka nawo, ndipo ndikhulupirira kuti mwiniwakeyo sankakumbukanso chimene akubisa.